Mutu 5: Zithunzi za Kaitano Zithamanga

1. Foni ya galasi losweka

Chaka chinali chitatsala pang'ono kukwana chimwalirire Kaitano. Anagundidwa ndi galimoto pamsewu wa ku Nchalo ali pa njinga, akuchokera kodula nzimbe. Njinga inapindika yonse, koma foni imene inali m'thumba mwake inangosweka galasi pakona. Anthu amene anamutola anaibweretsa kunyumba m'kajumbo, pamodzi ndi nsapato imodzi.

Foniyo inatsala m'manja mwa mlongo wake Priska, mtsikana wa Fomu 3. Amayi awo, a Emelia, sankafuna n'kuikhudza komwe. Ikalira ankatuluka m'nyumba.

M'fonimo munali zithunzi zambirimbiri. Kaitano ankajambula chilichonse: anzake a kuntchito, utsi wa nzimbe zikamaotchedwa, ngakhale mbuzi itakwera pa chulu. Kupatula zimenezi, banja lonse linali ndi chithunzi chake chimodzi chokha, cha pa chiphaso, chimene anaoneka wokwiya ngati wakanizidwa chakudya.

Abale atagwirizana zovundukula chiliza kumapeto kwa mwezi, Priska anakumbukira zimene anaona pa ukwati wina kutchalitchi. Zithunzi za akwati zinkayenda zokha pa kanema, china chikachoka china n'kubwera.

"Amayi, bwanji tichite chimodzimodzi ndi zithunzi za achimwene?" anafunsa. "Anthu akabwera kuchokera kumanda adzawaone akuseka."

Amayi anapitiriza kupeta mapira. Atamaliza anakung'untha lichero.

"Konza. Koma ndiyambe ndine kuona," anatero.

2. Masekondi atatu

M'fonimo munali kale pulogalamu yoyendetsa zithunzi. Priska anasankha zithunzi zimene ankafuna, n'kuziika m'menemo. Sizinam'tengere nthawi. Madzulo dzuwa litafooka anayala mphasa pansi pa mtengo wa nimu n'kuitana amayi ake.

Maso a amayi anali atayamba kuchita chifunga. Anagwira foni ndi manja awiri, kuiyandikiza kumaso ngati akuinunkhiza.

Nyimbo yovina inayamba yokha. Kaitano anatulukira atanyamula chikwanje, nkhope yonse ili bii ndi mwaye wa nzimbe. Posakhalitsa chithunzicho chinazungulira ngati chimbale n'kuchoka. Kunabwera china, nachonso chinagudubuka. Kenako mbuzi ija.

"Imitsa!" anakuwa amayi. "Bwezera chija. Ndani wakuuza kuti ndamaliza?"

"Sindine, amayi. Pulogalamuyi imangopereka masekondi atatu pa chithunzi chilichonse."

"Atatu?" Amayi anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Ine ndikamayamba kuzindikira kuti iyi ndi mphuno, awa ndi maso, mwana wanga wachoka kale. Ndiye mbuzi ikhale nthawi yofanana ndi Kaitano? Iyayi, Priska. Chija wanyamula chikwanje chikhalitse. Chija tili awiri pakhomo chikhalitse koposa. Ndipo nyimboyo uchotse, sitikupita kudansi."

Kuyambira tsiku limenelo Priska anayamba kusaka. Akaweruka kusukulu ankakwera pa chulu cha kuseri kwa nyumba, pamene netiweki inkagwira bwino, n'kumafufuza pa intaneti. Ankafuna pulogalamu imene munthu angauze chithunzi chilichonse pachokha kuti iwe khala nthawi yakuti, iwe ulowe mwakuti.

Yoyamba imene anapeza inkalola kusintha nthawi, koma ya zithunzi zonse pamodzi. Akapatsa Kaitano mphindi, mbuzi nayo inkatenga mphindi. Yachiwiri inkachita zimene ankafuna, koma inkalemba dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu pankhope penipeni pa munthu. Yachitatu inafuna kuti alipire ndi khadi la kubanki, chinthu chimene pakhomo pawo panalibe anali nacho.

Tsiku lililonse amayi akabwerako kumunda ankafunsa asanatule khasu. "Yapezeka?"

"Sinapezeke, amayi."

Ankangogwedeza mutu n'kulowa m'nyumba.

3. Chenjezo la atsibweni

Lamulungu kunabwera atsibweni ake, a Fernando, mlongo wawo wa amayi. Ankayendetsa galimoto ku Kapichira, ndipo tsikulo anabweretsa simenti ya chiliza. Atamwa madzi, Priska anawafotokozera vuto lake.

Atsibweni anatenga foni ija n'kuitembenuza uku ndi uku. Anafunsa funso limene Priska sanaliyembekezere.

"Zithunzizi zilinso kuti kupatula muno?"

"Kulibe kwina, atsibweni. Zonse zili momwemo."

"Nkhabe!" anakana m'Chisena, n'kuika foniyo pamphasa mosamala ngati dzira. "Khala pansi apa, mwana wanga, undimvere bwino.

"Agogo ako asanathawe nkhondo anajambulitsa zithunzi ku Mutarara. Chinalipo cha ukwati wawo, china bambo atavala jekete, china atandinyamula ine ndili wakhanda. Anawoloka nazo mtsinje atazimanga m'nsalu pamutu. Atamwalira ndinazitenga ine. Mayi akowa anandipempha kuti ndiwagawireko ziwiri. Ndinakana. Ndinati zithunzi sizigawidwa, zikhale pamodzi mu sutikesi yanga. Ndiye kunabwera madzi aakulu aja tidakali ku Makhanga. Tinapulumuka pamtengo ndi zovala za m'thupi zokha. Sutikesi ndinaiona ikuyandama, ikupita. Lero ukandifunsa nkhope ya bambo anga, chimene ndimakumbukira ndi chipewa chawo. Nkhope inapita ndi madzi.

"Foni iyi ndi sutikesi imeneyo. Galasi lasweka kale, mawa ikhoza kungozima osayakanso. Ndiye usanachite chilichonse, zithunzizi zikopedwe ziikidwenso pena. Mnzanga wa kuntchito ali ndi laputopu. Loweruka ndibwera nayo pamodzi ndi fulashi yosungiramo zithunzizo. Tikakopera, ukhoza kuyesa mapulogalamu onse amene ukufuna.

"Chinanso. Pali mapulogalamu amene ana amatumizirana pa magulu a pa foni, amati ndi olipira koma wina wawathyola kuti akhale aulere. Usaike zimenezo muno. Munthu amene anathyola pulogalamuyo sukumudziwa, ndipo sanakhale pansi kuvutika chifukwa chokukonda iwe. Pali chimene akufuna. Foni ikakuchenjeza kuti chinthu ichi n'choopsa, usaiyese yopusa. Dikira Loweruka. Chiliza sichithawa, mayi ako sathawa. Wandimva?"

"Ndamva, atsibweni."

"Ndikuti wandimva?"

"Ndamva ndithu."

4. Mphatso ya Connie

Lachitatu pa nthawi yopuma, Priska anakhala yekha kuseri kwa kalasi. Mnzake Connie anam'peza akuyang'ana pansi.

"Iwe, ukadali ndi nkhani ya zithunzi ija? Bwanji osandiuza kuti sunapeze? Msuweni wanga wa ku Blantyre ananditumizira ina yoopsa. Chithunzi chilichonse umachipangira zakezake. Nthawi, mawu, kalowedwe, zonse. Yaulere."

"Si zothyola zija?"

"Ndiye zili ndi vuto lanji? Ine ndinapangira mchemwali wanga ya tsiku lake lobadwa. Foni yanga si iyi? Yafa?"

"Atsibweni anati ndidikire Loweruka."

Connie anaseka. "Atsibweni ako amadziwa magiya a galimoto. Za mafoni atisiyire ife. Ndikutumizira ukafika kunyumba, kuika kapena kusaika zili ndi iwe."

Atafika kunyumba anapeza amayi sanapite kumunda. Anali pakhonde, atafunyulula shati ya buluu ya Kaitano pamiyendo, akuisita ndi chikhatho. Ataona Priska anaipinda mofulumira.

"Yapezeka?"

Priska anayang'ana shatiyo, n'kuyang'ana maso a amayi ake amene anali ofiira.

"Yapezeka, amayi. Mawa muona."

Anakwera pa chulu paja. Uthenga wa Connie unali utafika kale. Atadina, foni inalemba chenjezo lofiira, kuti chinthu chimenechi chikhoza kuononga foni. Pansi pake panali mabatani awiri, lina lobwerera, lina lopitiriza.

Chala chake chinaima m'malere. Kunyumba kunamveka amayi akutsokomola.

Anadina lopitiriza. Pulogalamuyo inapempha chilolezo cholowa m'zithunzi zonse za m'foni ndi za m'memore khadi. Anavomeranso.

5. Chithunzi chilichonse ndi nthawi yake

Connie sananame. Pulogalamuyo inali ndi zonse zimene Priska anakhala akusaka. Ukagwira chithunzi, pankatseguka kabokosi kake. Unkasankha nthawi, kalowedwe, ngakhale mbali imene diso liyambire kuona.

Mawa lake ataweruka sanadye n'komwe. Anakhala pansi pa nimu n'kuyamba ntchito.

Chithunzi cha chikwanje anachipatsa theka la mphindi, n'kuchiuza kuti chiziyandikira pang'onopang'ono mpaka pa mano oyera a Kaitano pakati pa mwaye. Cha tsiku limene Priska anasankhidwa kupita kusekondale, Kaitano atamunyamula m'mwamba ngati thumba la thonje, anachilembera pansi mawu akuti, "Munati ndidzakhala namwino." Cha anyamata a kuntchito anachisiyira nthawi yoti aliyense adzathe kudziloza yekha. Mbuzi anaipatsa masekondi awiri, kuti anthu adzasekeko pang'ono.

Cha pakhomo anachiika kumapeto. Kaitano anali atakoleka dzanja m'khosi mwa amayi, amayi akumukankha kwinaku akuseka, mpango utapendekera. Chimenechi sanachiikire nthawi. Anasankha kuti chidzangokhala mpaka munthu atachichotsa yekha.

Anaonera zonse kuyambira poyamba. Palibe chinazungulira, palibe chinagudubuka. Kaitano ankabwera mwaulemu, kukhala, n'kuchoka mwaulemu. Priska analira, koma mtima wake unapepuka.

Anadina batani losunga. Foni inalemba kuti malo atha. Nthawi yomweyo pulogalamu ija inatulutsa kabokosi kobiriwira kokhala ndi chithunzi cha tsache, kufunsa ngati ikonze malo.

Priska sanawerenge timalemba ta pansi. Anali atamva kale khasu la amayi likugunda pachipata. Anadina.

Tsache lija linasesa kumanzere, kusesa kumanja. Foni inatentha m'manja, n'kuzima, n'kuyakanso yokha. Pagalasi panadzaza zithunzi za anthu osawadziwa akutsatsa njuga ndi mankhwala. Anazitseka, zina n'kubwera. Atakwanitsa kutsegula pamene pankakhala zithunzi za Kaitano, anapeza poyera. Anayang'ana m'memore khadi. Namonso munali mbee.

Anazimitsa foni n'kuyatsanso. Anachotsa khadi, kulipukuta ndi siketi, kulibwezera. Palibe chinasintha.

6. Pamphasa

Amayi anasamba m'manja n'kubwera okha ndi mphasa. Anali atavala mpango wawo wa kutchalitchi.

"Ndakonzeka," anatero akukhala pansi. Anatambasula manja awiri.

Priska anagwada patsogolo pawo. Anangoika foni m'manja mwawo ili yozima.

"Yatsa, nanga ine ndidziwa pogwira?"

"Amayi, zapita."

"Chapita n'chiyani?"

"Zithunzi. Zonse. Ndinaika pulogalamu imene atsibweni anandiletsa. Yafufuta zonse."

Amayi anayang'ana galasi lakudalo kwa nthawi yaitali. Nkhuku inadutsa pamphasa, palibe anaiingitsa.

"Ngakhale chija tili awiri pakhomo?"

"Ngakhale chimenecho."

Priska ankayembekeza kukalipiridwa, mwina kumenyedwa kumene. Zikanam'pepukira. Koma amayi anangovula mpango uja, kuupinda bwinobwino pamwendo.

"Ndikanadziwa ndikanangoziona zikuthamanga momwe muja," anatero motsitsa mawu. "Ndine ndinakuumiriza."

"Ayi, amayi, si inu! Ndine amene sindinamvere."

Amayi anadzuka mogwira mtengo, n'kulowa m'nyumba. Tsiku limenelo moto sunayake pakhomopo.

7. Kwa a Humphrey

Loweruka m'mawa atsibweni anafika akuimba mluzu, chikwama cha laputopu chili paphewa. Atangoona nkhope ya Priska mluzu unathera pakamwa.

Anamvetsera nkhani yonse ataimirira. Kenako anakhala pa mtondo wogadabuzika n'kuvula chipewa.

"Nyatwa," anatero. "Mavuto enieni." Anayang'ana Priska. "Sindikukalipira, Priska. Chimene chili mumtima mwako panopa n'chokwanira. Koma umve ichi, chifukwa udzakumana nacho kambiri. Tsiku limene munthu umalakwitsa kwambiri si tsiku limene uli ndi mtima woipa ayi. Ndi tsiku limene ukufuna kuchita chabwino mofulumira. Unaona mayi ako akulira, unafuna kuwatonthoza lero lomwe. Wina anakuonetsa njira yachidule, iwe n'kuiwala kufunsa kuti ikalephereka nditaya chiyani. Mawa adzakhala mnyamata wokulonjeza zabwino, mkuja adzakhala munthu wokupezera ntchito kutauni. Onse adzakuuza kuti akuluakulu sadziwa za masiku ano. Mwina n'zoona, zina sitidziwa. Koma kutaya timakudziwa. Chiyambire zija wajambulanso kanthu m'fonimu?"

"Ayi."

"Wachita bwino. Vala nsapato."

Anakwera kabaza mpaka ku Nchalo. Pafupi ndi msika panali kashopu ka a Humphrey, bambo wokonza mafoni, wovala magalasi omangidwa ndi waya mbali imodzi. Atamva nkhaniyo anapukusa mutu.

"Sabata ino ndinu achitatu," anatero. "Sindilonjeza kanthu. Chithunzi chikafufutidwa sichichokeratu nthawi yomweyo, chimatsala mpaka china chitakhala pamalo pake. Koma chinthu chimene mwaikachi chadzaza zinyalala zake pamwamba. Tingoyesa."

Anachotsa memore khadi n'kulilowetsa mu laputopu imene atsibweni anabwera nayo. Anadikira. Kunja mathirakitala odzaza nzimbe ankadutsa, fumbi n'kumalowa pakhomo. Priska anaima chilili, manja atagwira m'mphepete mwa tebulo.

Zithunzi zinayamba kutuluka chimodzichimodzi. Zambiri zinali zakufa, mabokosi otuwa okhaokha. Cha chikwanje chinabwera theka: chipewa, mphumi, maso, ndipo kuyambira pamphuno kutsika panali mizere yobiriwira. Cha kusekondale chinabwera chathunthu. Mbuzi inabwera yathunthu, yowala bwino.

"Cha pakhomo," anatero Priska. "Pali china ali ndi amayi pakhomo. Chonde yang'ananinso."

A Humphrey anatsika mpaka pansi, n'kukweranso. "Palibe, mwanawe. Chimenecho chapita."

Priska anaphimba kumaso ndi manja. Atsibweni anamugwira paphewa.

"Koma pali zina izi," anapitiriza a Humphrey. "Makinawa sasankha. Amabweza chilichonse chimene chinafufutidwapo, ngakhale zimene mwini wake anafufuta yekha kalekale. Izi mukuzidziwa?"

Priska anachotsa manja kumaso.

Pa laputopu panali chithunzi chimene anali asanachionepo. Kaitano anali atakhala pa bwato logadabuzika, kumbuyo kwake kuli bango ndi madzi. Pamiyendo pake panali mwana wakhanda wovala zoyera. Pambali panaima mtsikana wamtali, dzanja lake lili paphewa la Kaitano. Kaitano sankayang'ana wojambula. Ankayang'ana mwanayo.

Chotsatira chinali cha mwana yemweyo atakulako, akukwawa pamphasa. Chinanso ataimirira, atagwira chala cha munthu.

"Ameneyu ndi ndani?" anafunsa Priska.

Anatembenuka. Atsibweni anali atachotsa dzanja paphewa pake, akuyang'ana pansi.

"Atsibweni, malo awa ndi kuti?"

"Ku Nyachikadza," anatero mawu ali pansi.

"Mwadziwa bwanji?"

A Fernando anatambasula dzanja n'kutseka laputopu pang'onopang'ono.

"Chithunzi choyambacho ndinajambula ndine, tsiku la ubatizo wa mwanayo. Mayi ako sakudziwa kuti ali ndi mdzukulu. Kaitano anati adzawauza yekha akamaliza kumanga nyumba." Anadzutsa mutu n'kumuyang'ana. "Undipatse nthawi, Priska. Nkhani iyi siyofunika kuithamangira."

Priska anatsegula pakamwa kuti afunsenso, koma pakhomo pa shopu panachita mdima. Munthu anali ataima pamenepo, akupuma mwawefuwefu, fumbi lili mbuu kumapazi. Anali amayi. Kudikira kunyumba kunawakanika, ndipo anayenda wapansi njira yonse.

"Zapezeka?" anafunsa, maso awo akusakasaka m'kashopumo. "Tsegulani ndione. Zonse zimene zapezeka, musasiyeko n'chimodzi chomwe."